Ndani Amaŵerenga Mbalame za pa Chilwa?

Palibe mlimi amene sadziŵa chiŵerengero cha mbuzi zake. Dzuŵa likapendeka amaima pakhomo pa khola, naziŵerenga imodziimodzi pamene zikuloŵa, ndipo ikapereŵera imodzi yokha sagona tulo. Mai wa pakhomo amadziŵa kuti thadzi lake lafungatira mazira angati, ndiponso kuti chimanga cha m'nkhokwe chifika mwezi uti. Timaŵerenga zinthu zimene timazitcha zathu. Koma zilipo zina zambiri zimene timadya, kumwa ndi kuotha tsiku ndi tsiku, zimene palibe woziŵerenga: mitengo ya m'phiri, akasupe a m'dambo, nsomba za m'nyanja ndi mbalame zamumlengalenga. Zimenezi timati n'za Mulungu. Mauŵa ndi oona ndithu, komatu kaŵirikaŵiri amangokhala njira yaulemu yonenera kuti zinthuzo zilibe mwini, aliyense atole m'mene angathere.

Mwezi uno, aŵerengi okondedwa, ndati ndikambe nanu za anthu ena ochepa amene adadzipereka kuŵerenga zinthu zopanda mwinizi osalandirapo malipiro, ndiponso za maphunziro amene munthu amalandira asanayambe ntchito yotere. Ndikamba za mbalame za pa Nyanja ya Chilwa, pakuti kumeneko ndiko ndidaphunzira ntchitoyi. Koma zimene ndinene zikhoza kuthandizanso aliyense amene ali pafupi ndi nkhalango, mtsinje kapena dambo la kwao.

Nyanja ya Chilwa ndi yachiŵiri kukula m'dziko muno. Ili pakati pa maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kuvuma kwake kuli malire a Mozambique. Ndi nyanja ya khalidwe lakelake. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madziwo. Amachoka ndi dzuŵa ndi mphepo basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Ndi yosaya, kotero kuti m'malo ambiri nsungwi yopondera bwato imafika pansi. M'mphepete mwake muli njedza yoŵirira, m'mene asodzi amamanga zimbowera zao, timisasa toyandama pamadzi. Matemba, makumba ndi milamba ya pa Chilwa yakhala ikudyetsa anthu mpaka m'mizinda yakutali, ndipo zidalipo zaka zimene pa nsomba zisanu zilizonse zogwidwa m'Malaŵi, imodzi inkachokera kumeneko.

Mbalame nazo zilipo mitundu yoposa 150: zipweyo, atsekwe, akakoŵa, avuwo, mphipi, nkhwazi ndi zina zambiri zobisala m'njedza. Zina ndi nzika za pomwepo, zina ndi alendo ochokera ku Ulaya amene amafika mvula ikamayandikira, n'kubwerera kwao cha m'Malichi ndi Epulo. Chifukwa cha mbalame zimenezi, pamene pangano la maiko losamala madambo, lija adapangana mu mzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971, lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1997, Chilwa ndiye adali malo oyamba a Malaŵi m'kaundula wake.

Koma nyanjayi imaphwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi mu 2018 madzi adathaŵira kutali; chaka cha 2018 mabwato adangoti mbwee pamatope ouma pa doko la Kachulu. Mvula ikavuta zaka ziŵiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja yosaya chotere siingalimbe. Manja athu nawo akuthandizira: mitengo ya m'mapiri mochokera mitsinje yapita ku makala, minda yafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ndipo dothi lonse lokokoloka limakathera m'nyanja yopanda potulukira, n'kumaikwirira pang'onopang'ono. Tsono nsomba zikasoŵa, mphika sudikira. Msodzi amapachika khoka, natenga misampha ndi ulimbo kuloŵa m'njedza. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adayerekeza kuti mbalame zoposa 1,000,000 zinkagwidwa pa Chilwa chaka chilichonse. Chiŵerengero chimenechi n'chodzidzimutsa, koma pachokha sichitiuza ngati mbalame zikutha kapena ai. Kuti tidziŵe zimenezo, payenera kupezeka munthu woima pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, naŵerenga zotsala.

Ntchito yotereyi idayamba kale, ndipo idayambira kutali. Ku America kudali chizoloŵezi chakuti pa tsiku la Khrisimasi amuna ankagaŵana magulu aŵiri, kupikisana kuti aone gulu limene liphe mbalame ndi nyama zambiri. Mu 1900 katswiri wina wa mbalame, Frank Chapman, adapempha anzake kuti chaka chimenecho atuluke ndi pensulo, mfuti azisiye kunyumba. Adavomera anthu 27 okha, koma mwambo umene adayambawo sudalekeke mpaka lero. Mu 1967 kudayambika kalembera wa mbalame za m'madzi wa maiko ambiri, amene amachitika mu Januwale chaka chilichonse, ndipo bungwe la Wetlands International ndilo limamuyendetsa. Kuno ku Africa kalemberayu adakhazikika mu 1991, ndipo amachitika kaŵiri pachaka, mu Januwale ndi mu Julayi. Ambiri mwa oŵerengawo ndi anthu wamba ongodzipereka: aphunzitsi, ana a sukulu, alimi ndi asodzi. M'dziko mwathu muno bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene chiyambi chake ndi cha mu 1947, lakhala likuphunzitsa anthu otere kudzera m'nthambi zake ndi m'makalabu a m'sukulu.

Nanga munthu wodzipereka amaphunzira chiyani? Phunziro loyamba limene tidalandira lidali la kukhala chete. Mphunzitsi wathu adatikhazika m'mphepete mwa dambo m'mamaŵa, natiletsa kulankhula, kuloza ndi chala, ngakhale kutsegula buku, kufikira dzuŵa litakwera ndithu. Poyamba tidangoona udzu ndi madzi. Patapita nthaŵi udzu uja udayamba kugwedezeka, ndipo timbalame timene tidathaŵa mapazi athu tidatulukamo kamodzikamodzi, kuyenda pamwamba pa masamba oyandama ngati kuti ife palibe. Akuluakulu adanenetsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tidaphunziranso kuima dzuŵa lili kumsana, popeza mbalame ikakhala pakati pa iwe ndi dzuŵa imangooneka bii, mtundu wake osadziŵika. Ndiponso kuvala zovala zosaŵala, ndi kupeza mbalame ndi maso tisanakweze galasi loonera patali.

Phunziro lachiŵiri lidali la maina. Ambirife mbalame yoyera iliyonse ya miyendo yaitali timangoti kakoŵa. Komatu alipo kakoŵa wotsata ng'ombe, wa mlomo wachikasu, amene amadya ziwala zodzutsidwa ndi ziboda. Alipo wina wa mlomo wakuda ndi miyendo yakuda koma zala zachikasu, amene amasaka tinsomba m'madzi osaya. Aliponso wamkulu kuposa onseŵa, wa khosi lalitali lopindika. Abakha olira ngati mluzu aja timaŵatcha zipweyo ali mitundu iŵiri, wina wa nkhope yoyera, wina wofiirira thupi lonse. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi phindu, pakuti mtundu uliwonse uli ndi chakudya chake ndi malo ake oswera, ndipo ukayamba kuchepa umatiuza chimene chaonongeka. Odya nsomba akachepa, funsani za nsomba; oswera m'njedza akachepa, funsani za moto umene anthu adatentha m'chilimwe. Buku la Genesis limasimba kuti ntchito ina yoyambirira imene Mulungu adapatsa Adamu idali yotcha maina zamoyo zonse. Ndidamvetsa nkhani imeneyi mwatsopano pamene ndidaona kuti mbalame imene ndaidziŵa dzina, ikasoŵa ndimazindikira, pamene ija yosadziŵa dzina ikhoza kutheratu ine osamva kanthu.

Phunziro lachitatu lidali la kaŵerengedwe. Mbalame zikakhala khumi, n'chapafupi. Koma zipweyo zikatera pamadzi zikwi zingapo, zina zikuuluka, zina zikumira, munthu ayambira pati? Tidaphunzira kuŵerenga khumi zoyamba mosamala, n'kusunga m'maso kukula kwa kagulu kameneko, kenaka n'kumayeza gulu lonse ndi muyeso womwewo, makumi asanu, zana, mazana aŵiri, monga mai amayezera ufa ndi mbale. Anthu aŵiri amaŵerenga gulu limodzi aliyense payekha osauzana, ndipo pambuyo pake amayerekeza zimene apeza. Zikasiyana kwambiri, amabwerezanso. Njira yoyendamo ikhale yomweyo ya chaka chatha, malo oimapo akhale omwewo, ora likhale lomwelo, popeza ukasintha malo chaka chilichonse sungadziŵe ngati chasintha ndi mbalame kapena ndi iwe. M'kope umalembamo tsiku, nyengo, pamene madzi alekeza, ndi ntchito zimene anthu akuchita pamalopo. Umalemba ndi pensulo, chifukwa inki ikanyowa imafufutika.

Phunziro lachinai ndilo lidandikhudza koposa, ndipo ndi la chilungamo. Mphunzitsi wathu ankati chiŵerengero chovuta kulemba kuposa zonse ndi 0. Munthu walaŵirira mbandakucha, wayenda m'matope ofika m'maondo, udzudzu wamudya, ndipo pamalo pamene chaka chatha padali avuwo makumi angapo, lero palibe ndi mmodzi yemwe. Mtima umafuna kulembapo kenakake, kuti ulendo usaoneke wachabe, kapena kuti alendo othandiza ntchitoyo asakhumudwe. Chimodzimodzinso ukaona mbalame patali, osaizindikira bwino, mtima umakokera ku dzina la mbalame yosoŵa kuti anzako akutame. Lamulo n'lakuti chimene sudachione bwino usachitche dzina, ndipo pamene sudapeze kanthu lemba kuti sudapeze kanthu. Palibe kapitao wokuyang'anira m'dambomo. Uli wekha ndi kope lako. Lamulo la Mulungu lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, limagwira ntchito ngakhale pamene wonamiziridwayo ali bakha.

Pakati pa ophunzira anzanga padali mkulu wina wachikulire amene adakhala akutchera mbalame kuyambira ubwana wake. Zilembo sankazidziŵa, ndipo galasi loonera patali ankati limampweteka mutu. Koma mbalame ikangolira m'njedza, osaoneka n'komwe, iye ankaitchula dzina, nanena chimene imadya ndi mwezi umene imaikira mazira. Mphunzitsi akakayika, ankatembenukira kwa iye: «Agogo, tathandizani, iyo yadutsayo ndi chiyani?» Iwo ankayankha akuseka kuti: «Ana anga, inu mukufuna kuona nthenga. Ine ndimaona kaulukidwe.» Tsiku lina adatiuza kuti ali mnyamata, zipweyo zikadzuka pamodzi zinkachita mthunzi ngati mtambo wa mvula. Anyamata ena adaseka chamumtima, poyesa kuti ndi nthano za okalamba, pakuti kwa iwo mbalame zimene tidaona tsiku limenelo zidali zochuluka kale.

Ndani adali wolondola, agogo aja kapena anyamata? Pamalo pamene tidaimapo padalibe kope la zaka za unyamata wao loti litiŵeruze. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Mbadwo uliwonse umayesa kuti dziko limene udalipeza pobadwa ndilo dziko lodzaza. Mwana wobadwa phiri litameteka kale sadandaula za nkhalango, chifukwa m'maso mwake phiri ndi miyala. Katswiri wina wa za nsomba, Daniel Pauly, adalemba za vuto lomweli mu 1995, chaka chomwe Chilwa idaphwa: adaona kuti ngakhale ophunzira amayeza kuchepa kwa nsomba poyambira pa zimene adapeza iwo poyamba ntchito, naiŵala zimene adapeza amene adaŵatsogolera. Motero chuma chimatha pang'onopang'ono popanda wolira maliro, popeza palibe wokumbukira kuchuluka kwake kwakale. Mau a akulu amakoma akagonera, inde, koma akuluwo amapita, ndipo mau osalembedwa amapita nawo. Kope la munthu wodzipereka ndilo limasungira mudzi chikumbumtima cha zimene udali nazo. Likakhala ndi zaka khumi kapena makumi aŵiri, limasanduka mboni imene mfumu, msodzi ndi wa boma angaimve onse pabwalo limodzi.

Ndipo anthu a pa Chilwa adaonetsa kale kuti akaona chinthu ndi maso ao amatha kudziletsa. Nyanja itaphwa mu 1995, nsomba zotsala zidabisala m'maiŵe a m'mitsinje yothira m'nyanjamo. Idali nthaŵi ya njala ya ndiwo, ndipo kukadakhala kwapafupi kuthira katupe m'maiŵemo n'kutola zonse tsiku limodzi. Mafumu, asodzi ndi alangizi a za nsomba adagwirizana zoteteza maiŵe amenewo, ndipo madzi atabwerera, mbeu ya nsomba idalipo yodzazanso nyanja. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 otchera mbalame nawonso adapanga magulu ao, napatula malo ena oti mbalame ziziswerako popanda wotchera msampha, naika nyengo yoleka kusaka, ndi chindapusa kwa wophwanya pangano. Ntchito zotere zimayenda mwakugwa ndi kudzuka, makamaka chaka cha njala. Komabe zimatiphunzitsa kuti mlonda weniweni wa dambo ndi munthu amene amadya za m'dambomo, chifukwa ndiye adzayambe kulira zikadzatha. Wotchera mbalame akaphunzira kuziŵerenga, amayamba kuziona monga mlimi aonera mbuzi zake: amadya zina, nasiya zoswa.

Ife akhristu nkhani ya kuŵerenga siyachilendo kwa ife. Taganizani za fanizo lija la nkhosa yotayika. Kodi mbusa adadziŵa bwanji kuti yasoŵa imodzi pakati pa zana lathunthu? Nkhosa 99 ndi nkhosa 100 zimaoneka chimodzimodzi kwa munthu wodutsa m'njira. Adadziŵa chifukwa ankaziŵerenga madzulo alionse. Ambuye Yesu adaphunzitsanso kuti ngakhale mpheta, zimene zinkagulidwa ndi tindalama tochepetsetsa pamsika, Atate saiŵalako ndi imodzi yomwe. Mneneri Yeremiya naye adaŵachititsa manyazi anthu a nthaŵi yake poŵakumbutsa kuti dokowe ndi namzeze amasunga nyengo ya ulendo wao, chonsecho anthu sasunga malamulo a Chauta. Ndiye kuti mneneriyo adali munthu woyang'ana kumwamba, wodziŵa mwezi umene mbalame zaulendo zimafika. Zoonadi, Malembo amasimbanso za kuŵerenga kwina kumene kudakwiyitsa Mulungu, pamene mfumu Davide adachita kalembera wa anthu ake otha kumenya nkhondo. Kuŵerenga kwa munthu wofuna kudziŵa kukula kwa mphamvu zake n'kosiyana ndi kwa wantchito amene akudziŵa kuti mwini chuma adzamufunsa. Tikamanena kuti mbalame n'za Mulungu, tizikumbukira kuti mwini wake alipo, ndipo ife adatiika m'munda mwake kuti tiulime ndi kuusunga.

Mpingo wakhala ukutikumbutsa zimenezi. Mu 1979 Papa John Paul II adatchula Francis Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya onse osamala chilengedwe. Mu 2015 Papa Francis adalemba kalata yake yotchedwa Laudato Si', m'mene adaphunzitsa kuti kuonongeka kwa chilengedwe ndi kuzunzika kwa amphaŵi ndi bala limodzi, ndipo chaka chomwecho adaika tsiku la 1 Sepitembala kukhala lopempherera chisamaliro cha chilengedwe. Amene adaona Chilwa itaphwa safuna womumasulira chiphunzitso chimenechi. Madzi akathaŵa, vuwo amatambasula mapiko napita ku nyanja ina. Wotsala pamatope ndi mai wogulitsa matemba, ndi mwana amene fizi yake inkachokera m'khoka.

Ndikudziŵa funso limene ena mwa inu muli nalo, pakuti ndalimva kambirimbiri: «Kodi mumalandira zingati?» Ukayankha kuti palibe, amakuyang'ana ngati wozungulira mutu. Tidazoloŵera kuti maphunziro alionse azitha ndi alawansi, ndipo msonkhano wopanda envulopu anthu amauthaŵa. Sindingamuŵeruze bambo amene ana ake agona ndi njala akakana kutaya tsiku lathunthu poŵerenga abakha. Thumba lopanda kanthu siliima. N'koyenera kuti oyendetsa ntchito zotere aziganizira ulendo ndi kamba wa anthu osauka amene akuŵathandiza. Koma ndaonanso ndi maso anga kuti ntchito yoyambika chifukwa cha ndalama za alendo imatha tsiku limene galimoto la alendowo lapita, pamene kalembera amapindula pokhapokha akapitirira zaka zambiri osadukiza. Amene amabwerabe chaka chachisanu ndi chachikhumi, ndalama zitatha kale, ndi aja adayamba kuikonda nyanjayo monga munthu akondera munda wa makolo ake. Mumpingo timaŵadziŵa anthu otere. Ndi omwe aja amasesa m'tchalitchi Loŵeruka, kuyendera odwala ndi kuphunzitsa ana katekisimu, osafunsa kuti alandira zingati.

Tsono pempho langa kwa inu a m'miphakati ndi m'mabungwe a achinyamata ndi ili. Simusoŵa kukhala pafupi ndi Chilwa, ndipo simusoŵa galasi lodula kuti muyambe. Sankhani chinthu chimodzi cha kwanu chimene aliyense amagwiritsa ntchito koma palibe wochiŵerenga: kasupe amene amai amatungako madzi, mitengo ya mibawa ndi mikuyu ya m'mbali mwa mtsinje, masuku a m'nkhalango ya mudzi, kapena mbalame za padambo. Pitani kwa afumu mukaŵafotokozere, ndipo pemphani mlangizi wa za nkhalango, wa za nsomba kapena mphunzitsi wa kalabu ya zachilengedwe kuti akuphunzitseni kaŵerengedwe koyenera. Gulani kope limodzi lachikuto cholimba, lizisungidwa pamalo odziŵika monga timasungira mabuku a ubatizo. Potuluka tengani nkhalamba imodzi yodziŵa maina ndi mwana mmodzi wodziŵa kulemba, ndipo tsamba loyamba likhale la zimene nkhalambayo ikukumbukira. Kenaka bwererani pamalo omwewo, mwezi womwewo, chaka chilichonse, mulembe zimene mwapeza, zokondweretsa ndi zomvetsa chisoni zomwe.

Chaka choyamba kope lanu lidzaoneka lopanda pake, chachiŵirinso chimodzimodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Lidzafika tsiku pamene mudzi udzakangana ngati n'koyenera kutentha dambo, kulima mpaka kumtsinje kapena kugulitsa mitengo kwa ootcha makala, ndipo wina adzati: «Zakhala chonchi kuyambira kale.» Pamenepo mdzukulu wanu adzatsegula kope lija pamaso pa afumu, naŵerenga.